Tsiku Limene a Teleza Anavomera Ufiti

"Ndanena kuti Loweruka tikupita nawo ku Thekerani, basi! Kodi ndikuyankhula Chizungu?" Hopeson anamenya chitseko ndi chikhatho mpaka nkhuku zimene zinali pakhonde zinabalalika.

"Mukupita ndi amayi a ndani?" Sellah, mlongo wake wamng'ono, sanasiye n'komwe kusenda chinangwa. "Achimwene, chaka chino mwaponda pakhomo pano kangati? Sopo amene ndimawasambitsira mukumudziwa mtundu wake? Lero ndiye mwatulukira ndi 'tikupita nawo'."

"Usandiyankhe mwachipongwe iwe. Mwinimbumba pano ndine."

"Umwinimbumba wake wokumbukika tsiku lokanyazitsa amayi lokha?"

Amene ankakanganirana uja, mayi awo a Teleza, anali atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mapeyala, akusalaza chitenje pamaondo, osadziwa kuti mlanduwo ndi wawo. M'mawa wa tsiku limenelo, kusanayere bwino, a Stafford oyandikana nawo nyumba anawapeza m'munda mwawo mwa nandolo. Nkhalambayo inkayenda mzere ndi mzere, manja onse awiri akubudula nsonga za nandolo n'kumaponya kumbuyo kudzera paphewa. Aka kanali kachitatu. Ulendo uno a Stafford sanabwere kudzadandaula kwa Sellah ayi, anangoimbira foni Hopeson ku esiteti kumene ankagwira ukapitawo.

"Munthu wabwinobwino amaponya masamba kumbuyo m'munda mwa eni ake m'bandakucha?" anafunsa Hopeson. "A Stafford akuti nandolo wawo chaka chatha sanabereke, akuti amayi akukawa mbewu za anthu. Mpongozi wawo wapita padera. Ine kuntchito andichotsa gawo la kufupi ndi fakitale n'kundiponya kumapiri uko. Mlamu wako Daisy kudwala sikukutha. Zonsezi zikungochitika zokha?"

Sellah anaponya mpeni m'lichero. "Kalanga ine! Achimwene, inu ndinu kapitawo wa othyola tiyi. Tsiku lililonse mumaona azimayi zana akuchita chiyani? Sabudula nsonga n'kuponya m'dengu kumsana? Amayi athyola tiyi zaka makumi atatu ndi zisanu. Mutu waiwala, koma manja sanaiwale. Iwo akuona ngati ali kuntchito."

"Tiyi wake wa nandolo? Dengu lake liti?"

Zinthu zake zotopetsa ndithu! Mudzi wonsewo unakulira m'tiyi. Panalibe khomo lopanda munthu wa zikhatho zakuda ndi utomoni wa masamba. Ngakhale mwana wongoyamba kuyenda akamasewera ankatsanzira kuponya masamba kumsana. Koma tsiku limenelo aliyense anadzisandutsa mlendo, ngati kuthyola tiyi anangokumva pawayilesi.

"Nanga pa Khirisimasi paja?" Mawu a Hopeson anatsika, ndipo apa Sellah anadziwa kuti afika pachilonda chenicheni. "Ndawabweretsera shuga ndi bulangete, iwo n'kundifunsa kuti, 'Bambo, ndinu mwana wa ndani?' Mayi wondibereka! Munthu amakana mwana wake ngati sanamupereke kwina?"

"Ine amanditchula dzina la mng'ono wawo amene anamwalira ine ndisanabadwe. Tsiku ndi tsiku. Ndiye nanenso ndizilira kuti andipereka? Achimwene, dikirani masabata atatu okha. A kafukufuku aja anati zotsatira za magazi zifika kumapeto kwa mwezi uno."

"Magazi ati?"

Sellah anadziluma lilime, koma mawu anali atatuluka kale. Anafotokoza kuti mwezi wa Febuluwale kuchipatala chaching'ono cha kwawoko kunabwera anthu ochokera ku sukulu ya zaumoyo, ofufuza za matenda a okalamba. Ankafuna nkhalamba zimene zayamba kuiwalaiwala. Iye anapita nawo amayi, anasayina, ndipo anawatenga magazi timabotolo tiwiri.

"Ha! Wapereka magazi a amayi kwa anthu osawadziwa? Kuno kwathu kuno, kumene anthu anagonapo panja kuopa opopa magazi? Osandifunsa ine?"

"Ndinakuimbirani kanayi. Munati muli pasikelo, mukuyeza tiyi."

Chimene Sellah ankaopa chinali chodziwika kwa aliyense m'deralo. Kuseri kwa Thekerani kunali mneneri wina, Everson, amene ankati amaululitsa mfiti. Nkhalamba ikavomera, ankaimeta mpala pamaso pa gulu, anthu n'kumajambula pafoni, ndipo kumudzi sinkabwereranso. Pofika madzulo nyumba yake inkakhala itagwetsedwa kale. A Jean a kutsidya kwa mtsinje anavomera chaka chatha. Pano amagona pakhonde la sitolo ku Masambanjati, ana awo ali moyo onse asanu.

Nthawi yonseyi Malizani, mwamuna wa Sellah, anali kuseri kwa nkhokwe akumata chubu cha njinga chimene sichinaphulike.

"Inu bambo a kuno, simuyankhulapo?" anakuwa Sellah. "Apongozi anu akufuna kukametedwa, inu muli ndi njinga?"

Malizani anatulukira akupukuta manja. "Ine ndine mkamwini, mayi. Nkhani za eni mbumba zimandikulira." Anayang'ana pansi, kenaka anayang'ana Hopeson. "Komabe alamu, masabata atatu si chaka."

Hopeson anavala chipewa chake. "Masabata atatu. Koma akangolowanso m'munda mwa munthu, usadzandinene."

Masabata amenewo Sellah anaona zakuda. Anamangirira zitini pachitseko cha amayi kuti zizilira akamatuluka. Zikangoti kwengwere, iye ankadzuka, kuwaveka juzi, kuwamangirira dengu lenileni kumsana, n'kuwatsogolera ku kamunda kake ka tiyi kumtunda kwa nyumba. Kumeneko ndiye ukanaona zodabwitsa. Munthu wosadziwa ngati wadya kapena ayi, wosadziwa kumene kuli chimbudzi cha pakhomo pake, akangoima pakati pa tiyi msana unkawongoka. Masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, osaphonya, osasakaniza ndi tsamba lokhwima ngakhale limodzi. Sellah ankatsalira m'mbuyo, iye wa zaka makumi anayi.

Tsiku lina anaona a Stafford akudutsa ndi khasu, ndipo anawaitana. "Bambo, tabwerani muone. Si izi ankachita m'nandolo mwanu muja?"

A Stafford anaima patali, kuyang'ana kanthawi, n'kulavula malovu. "Mfiti nayo ntchito imaidziwa," anatero, n'kumapita.

Pamjigo azimayi ankasuntha ndowa zawo Sellah akafika. Amvano amene ankabwera Lachinayi kudzaimba ndi a Teleza, amene iwo anawatsogolera zaka khumi, anayamba kudutsira njira ya kumunsi. Akazi awo a Stafford anawaza mchere m'malire monse. Sellah ataona anaseka mopsa mtima. Mchere umenewu, m'mene ukusowera m'ndiwo, anthu n'kumadyetsa dothi!

Lachisanu la sabata yachitatu uthenga unafika pafoni kuti zotsatira zabwera. Sellah anawasambitsa amayi, kuwakhazika pamphasa, n'kuloza Malizani chala. "Musawasiye. Ngakhale nkhuku ilowe m'nyumba, ilekeni. Diso likhale pa amayi."

Kuchipatala anadikira pabenchi mpaka dzuwa linafika pamutu. Amene anamuitana anali nesi wa kafukufuku uja, Hazel, mtsikana woonda wa magalasi, woyankhula mofatsa ngati akuopa kudzutsa mwana.

"Khalani apa, mayi. Agogo ali bwanji?"

"Agogo ali bwino, mudzi ndi umene ukudwala. Tandiuzani msanga, anesi, magazi aja akuti chiyani?"

Hazel anatsegula faelo. "Ndifotokoze pang'onopang'ono. Anthu ena akamakalamba, mu ubongo mumaunjikana tizinthu tina tonga zinyalala, timene timapha pang'onopang'ono tizigawo tosunga zimene munthu amakumbukira. Kale kuti tidziwe zimenezi pankafunika makina akuluakulu ojambula mutu, kapena kutenga madzi a mumsana ndi jakisoni. Zaka zapitazi akatswiri apeza njira yoonera zizindikiro zake m'magazi. Njirayi inayesedwa kwambiri kwa azungu, ndiye ife tikufuna tione ngati ikugwiranso bwino kwa anthu a kuno."

"Ndiye mwaona chiyani?"

"Magazi a agogo akuonetsa zizindikirozo, ndipo zikugwirizana ndi m'mene anayankhira mafunso tsiku lija."

"Mafunso ake aja?" Sellah anagwedeza mutu. "Munawapatsa pensulo kuti ajambule wotchi. Amayi anga chibadwire sanavalepo wotchi! Nthawi ankaidziwira belu la ku esiteti. Ngakhale akanakhala bwinobwino akanakujambulirani dzungu."

Hazel anaseka mwamanyazi. "Funso limenelo tinalichotsa, anthu ambiri anadandaula. Koma ena aja, monga kutchula mayina a ana awo ndi zimene adya m'mawa, anatithandiza. Agogo akudwala matenda oiwala. Pachizungu amati dimenshiya. Ndi matenda a ubongo, ngati m'mene shuga alili matenda a m'thupi. Zatsopano ndi zimene zimayamba kufufutika, zakale zimatsala. N'chifukwa chake iwo akukhala ngati ali m'zaka zimene ankagwira ntchito."

Sellah anapuma mozama. Mtima unakhala pansi, koma unamuwawanso. "Chabwino. Ndipatseni mankhwala ake ndizipita."

Hazel anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. "Mankhwala ochiza palibe, mayi. Kunja kwayamba kupezeka ena amene amangochedwetsa pang'ono, kwa anthu amene matendawa angowayamba kumene. Kuno sanafike, ndipo agogo apita kale patali."

"Aaa! Ndiye munayezeranji? Magazi akwera ndege, azungu awaunika miyezi inayi, kuti mudzandiuze kuti amayi amaiwala? Zimenezo ngakhale galu wathu akuzidziwa!"

"Ndikumvetsa, mayi."

"Simukumvetsa. Mawa akufuna akawamete kwa mneneri." Sellah anafotokoza zonse, za nandolo, za mchere, za achimwene ake. Kenaka anafunsa chimene chinkamudya mumtima. "Kodi ndi zotengera? Inenso ndidzathyola nandolo wa anthu?"

"Mwana wa munthu wodwala matendawa amakhala pachiopsezo chokulirapo pang'ono, koma si lamulo. Ambiri sadwala. Muziyezetsa BP ndi shuga, zimathandiza." Hazel analemba kalata, kuisayinitsa kwa dokotala, n'kuimenya chidindo. Poipereka anamugwira dzanja. "Chinthu chimodzi, mayi. Musalole munthu aziwafunsa mafunso mowakalipira. Odwala otere akachita mantha amangovomera chilichonse kuti phokoso lithe."

Asanatuluke n'komwe pageti, foni inalira. Anali Malizani.

"Mayi, alamu anabwera ndi a Stafford panjinga zamoto ziwiri. Akuti Daisy wagonekedwa kuchipatala dzulo, ndiye sangadikirenso. Awatenga."

"Inu munali kuti?"

"Ndinali pompo. Ndinawauza kuti adikire mubwere."

"Munawauza! Munthu wamkulu ndi ndevu zanu, apongozi anu akukwezedwa panjinga ngati thumba la makaka, inu n'kumawauza? Ambuye, ndinalakwanji ine!"

Anaimitsa kabaza wa njinga yamoto osafunsa n'komwe zambiri. Msewu wa ku Thekerani ndi wokhotakhota, wokwera ndi kutsika, koma Sellah ankangomenya mnyamatayo pamsana kuti athamange. Kalata anaipinda n'kuiika mu bulauzi.

Malo a mneneri anali chisakasa cha malata pakati pa nthochi. Anthu anali atadzaza mpaka panja, ena atakwera pachulu, mafoni ali m'mwamba. Chimkuzamawu chinkamveka kuchokera kumsewu. Sellah anadzipanikiza pakati pa anthu ndi zigongono mpaka anafika kutsogolo. Amayi ake anali ataimitsidwa pakati pa bwalo, duku atawavula, imvi zili poyera. Pambali panali mtsikana atanyamula beseni la madzi ndi lezala. Hopeson ndi a Stafford anakhala pabenchi yakutsogolo.

Mneneri Everson, munthu wamfupi wa suti yoyera, ankazungulira nkhalambayo akukuwira m'maikolofoni.

"Teleza! Unalowa m'munda mwa Stafford?"

"Inde bwana."

"Unatenga nandolo wake m'matsenga?"

"Inde bwana."

Gulu lonse linati, "Hiii!"

"Mimba ya mpongozi wake unaichotsa ndiwe?"

"Inde bwana."

"Mwamva nokha! Ine sindinamugwire, sindinamumenye! Bweretsa lezala!"

"Imani!" Sellah analowa m'bwalo kalata ili m'mwamba. "Amayi anga akudwala! Nayi kalata ya kuchipatala, ya chidindo. Awayeza magazi. Ndi matenda a ubongo!"

Mneneri anatenga kalatayo ndi zala ziwiri ngati chinthu chonunkha, n'kuionetsa ku gulu. "Abale, makina a azungu anayamba liti kuona mizimu?" Anthu anaseka. Mneneri anaiponyera Hopeson.

Hopeson anaiwerenga ndithu, mpaka pansi, milomo ikugwedera. Maso ake anali ofiira. "Pepalali likuti akudwala, chabwino. Koma avomera okha, Sellah. Wamva ndi makutu ako. Pepala lingatsutse pakamwa pa mwini wake?"

"Anesi akuti ife ana awo tikhoza kudzadwalanso matenda omwewa. Tsiku limenelo ana anu adzakubweretseni kuno, eti?"

"Usandiopseze. Avomera."

Sellah anatembenuka kuyang'ana amayi ake, ndipo anaona m'mene anaimira. Mapazi pamodzi, manja kumbuyo, mutu pansi, mapewa atakwera ngati akudikira kumenyedwa khofi. Anawadziwa maimidwe amenewo. Umu ndi m'mene othyola tiyi ankaimira pasikelo kale, kapitawo akamavundula dengu kufuna tsamba lokhwima. Kumeneko munthu sankatsutsa. Ukati "ayi" tikiti yako ya ntchito inkathera pompo. A Teleza sanali kwa mneneri ayi, anali pasikelo, ndipo mwamuna wovala zoyera ankawakalipira.

Chimene chinamubwerera m'mutu chinamunyansa iye mwini. Nesi anali atangomuletsa kumene. Koma mtsikana wa lezala uja anali atayamba kale kunyowetsa imvi za amayi ake. Sellah anatsomphola maikolofoni m'manja mwa mneneri, anaima pamaso pa mayi womubereka, n'kukuwa ndi mawu onse amene anali nawo.

"Teleza!"

Chibadwire anali asanawatchulepo dzina choncho, lopanda ulemu, ngati akuitana mwana. Nkhalambayo inanjenjemera.

"Bwana."

"Hopeson, mwana wako, unamupha ndiwe?"

"Inde bwana."

"Unamudya?"

"Inde bwana."

"Watha yense? Sunasiyeko ngakhale mwendo?"

"Inde bwana."

Sellah analoza pabenchi. "Achimwene, taimirirani anthu akuoneni. Mwadyedwa inu. Avomera okha!"

Kuchokera pachulu paja wina anaseka, kenaka anadzigwira pakamwa. Hopeson anakhalabe pabenchi, kalata ili m'manja.

"Teleza! Msewu wa ku Thekerani unakumba ndiwe?"

"Inde bwana."

"Nanga bambo awa a suti yoyerawa, si anzako? Simuulukira limodzi?"

"Inde bwana."

"Amene amayendetsa lichero ndi iwowa?"

"Inde bwana."

Apa ndiye chisakasa chinaphulika. Ena ankaseka mpaka kugwira m'mimba, ena ankang'ung'udza, mafoni onse anatembenukira kwa mneneri. Sellah anatenga lezala m'beseni muja n'kumulozetsa. "Ngati 'inde' wa amayi anga ndi umboni, khalani pansi abusa, tiyambe ndi inu. Tsitsi muli nalo lambiri."

"Chiwanda chikunama! Chiwanda chikunama!" anakuwa mneneri, koma wina anali atazimitsa kale chimkuzamawu, ndipo mawu ake anamveka aang'ono ngati a munthu wamba. Analowa m'kachipinda kakumbuyo akuti akukapemphera. Mzimayi wina wachikulire anatola duku la a Teleza pansi, kulikung'untha, n'kulipereka kwa Sellah. A Stafford anadzuka ngati akupita kukataya madzi kunthochi, osabwereranso.

Sellah sanamve kukoma kulikonse. Anaponya lezala pansi n'kuyandikira kuti awamange duku. "Amayi, tiyeni kunyumba."

Koma a Teleza atamuona akubwera anagwada pansi mwamsangamsanga, mawondo okalambawo kugunda dothi, n'kumugwira mapazi.

"Pepani bwana. Musandidule tikiti. Mawa ndithyola bwino, simupezamo lokhwima."

"Amayi, ndine Sellah. Dzukani, chonde."

"Ndili ndi ana awiri, bwana, bambo awo kulibe. Wamkaziyo ndamugoneka pansi pa mtengo apo, sanayamwe chim'mawa. Wamwamunayo ali sitandade 3. Aphunzitsi akuti ali ndi mutu. Mukandichotsa asiya sukulu, adzathyola tiyi ngati ine. Ndimenyeni kaya, koma ntchito yokha musandichotse."

Amene ankajambula anatsitsa mafoni. Sellah analira poyera, osabisa, chifukwa mantha amenewo anawabweretsa ndi iye, ndi pakamwa pake.

Hopeson anadzuka pabenchi ngati munthu wodwala malungo. Anafika n'kugwada m'fumbi, buluku lake lakuntchito lomwelo. "Amayi," anatero. "Amayi, ndine Hopeson."

A Teleza anamuyang'ana nkhope nthawi yaitali, ndevu zake za imvi, chipewa cha ukapitawo chija. Kenaka anamwetulira mwaulemu.

"Ayi bwana, Hopeson wanga ndi wamng'ono. Mukumudziwa kapena? Ndi mwana wabwino, amandichingamira panjira kudzandilandira dengu. Mukamuona mumuuze asade nkhawa, ndikangoyezetsa masambawa ndikubwera."

Hopeson anagwira kumaso ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka. Sellah sanamutonthoze. Anawamanga amayi ake duku bwinobwino, kuwapukuta madzi a m'beseni amene ankatsikira m'khosi, kuwasasa fumbi m'maondo. Atayesa kuwaimiritsa, miyendo inakana.

"Kulirako mukalirira kunyumba, achimwene," anatero Sellah. "Kumsewu n'kutali ndipo sangathe kuyenda. Munawabweretsa ndinu. Aberekeni."

Hopeson anatembenuka n'kuwerama, ndipo Sellah anawakweza amayi kumsana kwake. Anthu anapatuka kuwapatsa njira. Ali pakati pa nthochi, nkhalambayo inasuzumira paphewa la mwana wake n'kunong'oneza Sellah mwamantha.

"Abwanawa akuti chiyani? Mawa ndibwere?"

Sellah anayang'ana mchimwene wake kuti ayankhe yekha.

"Mubwere, mayi," anatero Hopeson. "Palibe amene akuchotseni."